Tcheni cha timing chikayamba kulira m'mawa

Funso: Ndili ndi Toyota Hilux yakale ya petulo, injini ya 22R, yomwe ndimanyamulira katundu kuchoka ku Ngabu kupita ku Nchalo, mwina mpaka ku Blantyre. Yadutsa makilomita 260,000. Ndikailiza m'mawa kumamveka phokoso la zitsulo kutsogolo kwa injini, kenako limasiya. Mnzanga akuti tcheni cha timing sasintha, chimakalamba ndi galimoto. Ndidikire mpaka liti?

Yankho: Bambo, mnzanuyo sakunama kwenikweni, kungoti wasiya mbali yofunika. Lamba wa timing, amene injini zina zimayendera m'malo mwa tcheni, ali ndi makilomita ake olembedwa m'buku, akakwana mumachotsa ngakhale akuoneka bwino. Tcheni timachiweruza ndi khutu ndi maso. Chanucho chayamba kale kukuuzani.

Ntchito ya tcheni ndi kulumikiza crankshaft ndi camshaft kuti mavavu azitseguka ndi kutseka mogwirizana ndi mapisitoni. Pa 22R zambiri tchenicho ndi cha mzere umodzi, chimayenda motsamira ma guide awiri apulasitiki, ndipo chochikunga ndi tensioner yomwe imadalira mphamvu ya oyilo. Galimoto ikagona, oyilo amatsikira mu sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini. Mukailiza, tensioner imakhala isanalandire oyilo, ndiye tcheni chotamuka chimamenya guide. Phokoso mukumvalo ndi limenelo. Likamangomveka kamphindi, yambani mwasintha oyilo ndi fyuluta, chifukwa fyuluta yotchipa yopanda vavu yosunga oyilo imabweretsanso phokoso lomweli. Koma likamatalika tsiku ndi tsiku, kapena likamamveka injini itatentha kale, musadikirenso.

Kuti mutsimikize, uzani makaniko atsegule chivundikiro cha pamwamba pa injini, aunike ndi tochi kutsikira kumene kukupita tcheni. Guide ikathyoka imaoneka. Aonenso ngati pakhoma la timing cover, chivundikiro cha tcheni kutsogolo kwa injini, pali mizere iwiri yowala. Cover imeneyi ndi ya aluminiyamu, ndipo kuseri kwake kumadutsa madzi oziziritsa injini. Tcheni chikaidya mpaka kuboola, madzi amalowa mu oyilo, ma bearing n'kutha. Chikalumpha mano kapena kuduka, mapisitoni amamenya mavavu n'kuwapinda. Ndalama zimene mukanakonzera kutsogolo kokha zimasanduka za injini yonse.

Kuno kuchigwa zinthuzi zimatha msanga. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, oyilo amapyapyala, pulasitiki wakale amauma n'kumasweka. Onjezani fumbi la misewu ya kumidzi, ndi chizolowezi chongothiramo oyilo wa m'mabotolo osadziwika m'malo mosintha yense. Fumbi likalowa mu oyilo limapala timapini ta tcheni, n'chifukwa chake chimatamuka. Ine galimoto yoyenda motere ndimati oyilo azisinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo fyuluta ya mpweya izionedwa pafupipafupi.

Pogula, musagule tcheni chokha. Aliyense wa kabaza amadziwa kuti tcheni chatsopano pa mano akutha sichichedwa kuwonongeka. Gulani kiti yonse: tcheni, ma sprocket onse awiri, ma guide, tensioner, seal ya kutsogolo ndi magasiketi. Mukapeza guide yokhala ndi chitsulo kumsana, tengani imeneyo. Chinthu chimene amakaniko ambiri amadumpha chifukwa cha changu ndi kutsitsa sampu. Zidutswa za guide yothyoka zimagwera mmenemo, n'kukatseka sefa yomwe pampu imakokera oyilo. Muimirire pomwepo mpaka muzione zidutswazo ndi maso anu. Ndipo galimotoyo isanakonzedwe, musaisenzetse matumba n'kukwera nayo phiri la kuchoka pa Thabwa kupita ku Blantyre, pamene injini imakhala ikulira kwambiri pa giya yaing'ono nthawi yaitali.

Funso: Yanga ndi Hilux ya dizilo, injini ya 3L, ndimayenda nayo ku Bangula ndi ku Nsanje. Nanenso ndizimvetsera tcheni?

Yankho: Ayi achimwene, yanuyo ilibe tcheni. Injini za 2L, 3L ndi 5L zimayendera lamba, ndipo lamba sachenjeza, amangoduka. Musinthe pa makilomita 100,000 pamodzi ndi tensioner yake, osadikira kuti nyali ya pa dashibodi yolembedwa T-BELT iyake, poti pa galimoto zakale babu lake limakhala linafa kale kapena wina analichotsa. Ngati munaigula kwa munthu ndipo palibe cholembedwa chosonyeza kuti lamba anasinthidwa liti, muikeni watsopano panopa ndipo mulembe makilomitawo pa chivundikiro chake. A Nissan Hardbody ya petulo ya KA24 atsate zimene ndauza bambo a ku Ngabu aja, poti ma guide ake nawonso amathyoka chimodzimodzi. A Nissan ya dizilo ya TD27 alibe tcheni kapena lamba, injini yawo imayendera magiya.