Lamba wa zitsulo, dikirani kaye achimwene

Achimwene a ku Bembeke, mwati mwayamba kunyamula zitsulo miyezi itatu yapitayi, squat (kunyonyomala nkudzuka chitsulo chili pamapewa) mwafika pa 60 kg ndiye anzanu akukuopsezani kuti popanda lamba msana uthyoka. Ine ndikuti dikirani kaye, ndalamayo gulirani mazira ndi nyemba.

Lamba uja sagwira msana mmene anthu amaganizira ayi. Ntchito yake nkupatsa mimba pokankhira basi. Mumakoka mpweya wambiri kudzadza m'mimba osati pachifuwa, nkuumitsa mimbayo ngati wina akufuna kukukhomani chibakera, ndiye ikamakankha lamba uja pakati ponse pamalimba ngati tayala lopopa bwino, msana supindika wamba. Kupuma kumeneku ngati simunakudziwe lambayo palibe chomwe akuchita, ndipo mumatha kukuphunzira opanda lamba.

Ine zinandionekera. Timanyamulira kuseri kwa nyumba pa boma pa Dedza pompano, zitsulo zathu ndi ma flywheel a galimoto ndi simenti yothira m'zitini za penti. Ndinagula lamba pa kaunjika, wansalu womata uja, ndimamumanga kuyambira pofika mpaka pochoka, olo pa ma curl, aja ongopinda mkono chitsulo chili m'manja. Tsiku lina mu June mmamawa, kuzizira kwa kuno mukukudziwa zala zosamva nkomwe, ndinangofikira pa deadlift (kudzutsa chitsulo kuchokera pansi mpaka kuima chilili) osatenthetsa thupi, ndinadalira lamba, ndikukoka msana utapindika ngati uta. Ndinamva kuti thi! kumunsi kwa msana, lamba ali m'chiuno momwemo. Masabata atatu kumanga zingwe za nsapato kunali kovuta, mpaka pano ndikaona mwana akukoka msana utapindika mtima umandiwawa.

Panopa ndimavala pa ma set (kunyamula kangapo motsatizana osapumula) olemera okha, aja simungapitirire ka 5, pa squat, deadlift ndi pokweza chitsulo pamwamba pamutu. Zina zonse ndimapanga opanda. Mukadzafika pamenepo gulani wachikopa wofanana konsekonse kutsogolo ndi kumbuyo, wa 10 cm mulifupi, wokhuthala 10 mm ndi wokwana, a mpikisano wa powerlifting malire awo ndi 13 mm koma ameneyo ngouma zedi amaluma nthiti. Azikhala pakati pa nthiti ndi mafupa a chiuno, osamanga mpaka kubanika, chala chizilowa kuti mimba ipeze pofufumira. Set ikatha masulani.

Chinanso ichi musachitenge mwachibwana, kugwira mpweya uku kumakweza BP pa nthawi yomwe mukunyamulayo, ndiye ngati muli ndi BP kapena hernia kaonaneni ndi adokotala kaye. Msana ngati ukupweteka kale lamba sachiza, ndipo mimba sachepetsa, amene amanena zimenezo akungofuna kukugulitsani.

Uzani mnzanu akujambuleni squat yanu pa foni ataima chammbali, muponye muno tione mmene msana ukukhalira mukafika pansi.