Chifukwa chiyani bambo sanaloledwe kukamva mwana wawo akuimba ku Jerusalem?

Mayi wina amene amagwira ntchito pabanja lachiyuda ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti mwana wamkazi wa pakhomopo ali ku seminale ku Jerusalem, ndipo kwaya yawo inapikisana ndi makwaya a maseminale ena pofuna kupeza ndalama zothandizira osowa. Makolo onse anali komweko, koma analowa m'holo ndi mayi okha. "Kodi si tsankho limeneli? Nanga mtsikana akukatani ku seminale?"

Zikomo mayi pondilembera. Ife tikamva za seminale timaganiza za Kachebere, koma iyi si yosula ansembe. Atsikana ambiri a mabanja achiyuda osunga mwambo, akamaliza sekondale ku America, Britain kapena South Africa, amakakhala chaka ku Israel akuphunzira Torah (mabuku a Mose) ndi malamulo a chipembedzo chawo. Kale maphunziro ozama otere anali a anyamata. Sarah Schenirer, mayi wosoka zovala, ndiye anatsegulira atsikana sukulu ku Kraków mu 1917, ndipo m'menemo munabadwa masukulu a Bais Yaakov. Ku Jerusalem, seminale ya atsikana ya Michlalah inayamba mu 1964, ya Midreshet Lindenbaum mu 1976.

Tsono za chitseko chotsekedwa chija. Pali lamulo lotchedwa kol isha, kutanthauza liwu la mkazi. Likuchokera mu Talmud, mabuku akale a malamulo achiyuda, pa Berakhot 24a, ndipo osunga mwambo amalimva kuti mwamuna asamvetsere kuimba kwa mkazi amene si wake. Bamboyo mwana wake yekha akanamumvera, ambiri amaloleza zimenezo, koma papulatifomu panali ana a eni ambirimbiri. Aphunzitsi a chipembedzo chachiyuda, otchedwa Rabbi, nawonso sagwirizana onse. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Rabbi Yechiel Yaakov Weinberg analola achinyamata a ku France, anyamata ndi atsikana, kuimbira limodzi nyimbo za Sabata, poopa kuti atsikanawo angakhumudwe n'kusiya chikhulupiriro.

Kunena zoona, zimandiwawa kuti kholo liime panja mwana wake akuimba. Koma taganizirani mtsikanayo. Alendo aamuna akakhala patebulo la Sabata, amaimbira pansipansi kapena kungokhala duu. Usiku wa mpikisanowo amagwira maikolofoni, n'kutulutsa liwu lonse limene Mulungu anamupatsa, anzake akukuwa dzina la seminale yawo mpaka kusasa mawu. Wotsogolera kwaya ndi mtsikana, wokonza mavinidwe ndi mtsikana. Abambo atalowa, ambiri mwa anawa sangakwere n'komwe papulatifomu, chifukwa lamuloli alisunga ndi mtima wawo. Ine ndikawaganizira ndimaona Miriam pa Eksodo 15:20, lingaka lili m'manja, akazi onse akumutsatira ndi kuvina ataoloka Nyanja Yofiira.

Za ndalamazo, Ayuda amati tzedakah, mawu ochokera ku tzedek, chilungamo. Kwa iwo kupatsa wosauka ndi ngongole, sungadikire kuti mtima ukhudzidwe. Maimonides, mphunzitsi wamkulu wachiyuda amene anamwalira mu 1204, anandandalika magawo 8 a kupereka, ndipo lapamwamba kwambiri ndi kuthandiza munthu kuti aime payekha. Choncho ndalama ya tikiti imene mayi a mtsikana uja analipira pakhomo inali kale tzedakah nyimbo isanayambe.

Mtsikanayo akabwera patchuthi, mum'pemphe akuimbireni gawo lake kukhitchini. Inu ndinu mayi, palibe chokuletsani kumva.