M2 kapena Cayman: bwanji oyesa magalimoto sagwirizana?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga athu, Mmalawi amene akukhala ku Johannesburg. Funso lawo linali lakuti: "Ndakhala ndikuonera mavidiyo komanso kuwerenga magazini oyerekeza BMW M2, Porsche 718 Cayman GTS 4.0 ndi Toyota GR Supra. Wina akuti M2 ndiye patali, wina akuti Cayman ilibe inzake. Ngakhale masekondi amene amalemba amasiyana, chonsecho galimoto ndi imodzimodziyo. Kodi akunama ndani?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Ambiri mwa anthu amenewa sakunama ayi. Aliyense amapita kukayesa galimoto ali ndi funso lake, amayesera kwawo, pa matayala amene wapatsidwa tsiku limenelo, ndipo nambala imene amatulutsa ndi yoona pa malo amenewo basi. Vuto limabwera ife tikainyamula nambalayo n'kuyamba kuyenda nayo paliponse.

Tiyambe ndi magalimoto enieniwo. M2 imene inayamba kugulitsidwa mu 2023 ili ndi injini ya malita 3.0, masilinda 6 ondondozana, ma turbo awiri (zipangizo zokankhira mpweya wambiri mu injini), ndipo inabwera ndi mphamvu ya makilowati (kW) 338. Injini ili kutsogolo, mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, ndipo kumbuyoko kuli mipando iwiri yoti ana n'kukhalapo bwinobwino. Cayman GTS 4.0 ili ndi injini ya malita 4.0 yopanda turbo, ya 294 kW, yomwe ili kuseri kwa msana wa woyendetsa, pakati penipeni pa galimoto. Mipando ndi iwiri yokha. Supra inayamba kupangidwa mu 2019 ku Graz m'dziko la Austria, pafakitale imodzi ndi BMW Z4, ndipo injini yake ndi ya BMW. Ndiyamba ndaiika pambali, chifukwa mkangano waukulu uli pa ziwiri zoyambazo.

Nambala imene anthu amaidumpha ndi ya sikelo. M2 imalemera makilogalamu 1,700 ndi kupitirirapo, pamene Cayman ili cha m'ma 1,400. Kusiyana kwake ndi matumba 6 a chimanga. Aliyense amene ananyamulapo chimanga m'galimoto yaing'ono pochokera kumudzi akudziwa kuti pamsewu wowongoka katunduyo sumumva kwenikweni. Umamumva pokhota ndi poponda buleki. Ndiye woyesa amene amakonda mpikisano wa msewu wowongoka adzakuuzani kuti M2 yapambana, ndipo amene watenga msewu wa m'mapiri adzabwerako akuimba Cayman. Onse awiri anena zimene aona.

Tsopano za masekondi zija. BMW inati M2 ya 2023 ya magiya osintha yokha imachoka pa 0 kufika pa 100 km/h m'masekondi 4.1. Mukawerenga magazini a ku America mupeza nambala yotsikirapo, ndipo zifukwa zake si zachinsinsi. Iwo amayeza kufika pa mamailosi 60 pa ola, omwe ndi 96.6 km/h, osati 100. Chinanso, magazini ngati Car and Driver sawerengera phazi loyamba limene galimoto yayenda, pafupifupi masentimita 30, mwambo umene unachokera ku mipikisano ya drag, yothamangitsana pamsewu wowongoka waufupi. Kagawo kameneko kamachotsa pafupifupi masekondi 0.3. Ndipo nambala zonsezi zimapezeka ndi launch control: phazi lamanzere pa buleki, lamanja kuponda moto mpaka pansi, kompyuta n'kuigwira injini pamene ikufuna, kenako n'kusiya buleki. Ndani amanyamuka chonchi pa maloboti tsiku ndi tsiku? N'chifukwa chake ine ndimakonda muyeso wina wa magazini yomweyi, woyambira pa mamailosi 5 kufika 60, galimoto ikuyenda kale pang'onopang'ono. Pamenepo m'pamene turbo imaonekera ngati imachedwa kudzuka.

Koma kwa inu, achimwene, nkhani yaikulu ndi ya kumene mukukhala, ndipo mavidiyo a ku Ulaya saitchula n'komwe. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu. Mpweya kumeneko ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse. Ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, anthu a magalimoto amawerengera 17 peresenti. Tengani 294 kW ya Cayman, muchotsepo gawo limenelo, mutsala ndi 244 kW kapena cha pamenepo. M2 sivutika chimodzimodzi, chifukwa turbo imangokankha mpweya wambiri n'kubweza zambiri mwa zimene zikanatayika. Choncho kusiyana kumene kumaoneka kochepa ku England kumakula ndithu pamsewu waukulu wa N1 ku Johannesburg. Ngakhale magazini ya CAR ya ku South Africa komweko ili ku Cape Town, m'mphepete mwa nyanja, ndiye nambala zake muziziwerenga mukukumbukira zimenezi. Mutabwera nayo kwathu ku Lilongwe, komwe kuli mamita pafupifupi 1,050, Cayman ingapumeko bwino pang'ono, koma osati ngati ku Durban, m'mphepete mwa nyanja.

Nürburgring ndiye dzina limene limatseka anthu pakamwa pamkangano. Ndi msewu wa mpikisano wa ku Germany, wotalika makilomita 20.8, ndipo M2 inauzungulira m'mphindi 7 ndi masekondi 38 mu 2023. Nthawi ngati imeneyi ndimailemekeza, koma ndimafunsa kaye mafunso awiri: amayendetsa ndani, ndipo pansi panali matayala anji? Kawirikawiri woyendetsa amakhala katswiri wa kampani amene wazungulira msewuwo kambirimbiri. Matayala ndiye amasintha zonse. Michelin Pilot Sport 4S ndi tayala la pamsewu wamba, lochita bwino ngakhale kukugwa mvula. Pilot Sport Cup 2 ndi lofewa, lili ndi mizere yochepa, limamata phula likatentha, koma limatha msanga ndipo pamadzi limafuna ulemu. Galimoto imodzi yomweyo pa matayala awiriwa imatulutsa nthawi zosiyana ndi masekondi angapo. Mukamaonera vidiyo, imitsani pamene kamera yayandikira gudumu, muwerenge zolembedwa m'mbali mwa tayala. Mudzaonanso kanyenyezi pa matayala opangidwira BMW, ndi chilembo N chotsatana ndi nambala pa a Porsche. Woyesa amene waika galimoto ya Cup 2 pambali pa ya 4S osakuuzani, ameneyo wakubisirani theka la nkhani.

Pali gulu lina la oyesa limene wotchi silimaipatsa mpando wakutsogolo. Magazini ya evo ya ku Britain imasankha galimoto ya chaka poyendetsa masiku angapo m'misewu wamba, oweruza n'kuponya mavoti. Mu 2019 inapambana 718 Cayman GT4, mu 2020 inapambana BMW M2 CS, ya m'badwo wam'mbuyo wa M2. Anthu amenewa amamvetsera zinthu zimene sizilembeka ndi nambala: ngati chiwongolero chikukuuza kuti matayala akutsogolo atsala pang'ono kuterereka, ngati buleki ikugwira mofanana ulendo wachisanu monga inagwirira ulendo woyamba, ngati galimoto ikudutsa pa phula lokumbika osadumpha. Anthu ena amati zimenezi ndi zokonda za munthu chabe. Ine sindivomereza. Taonani zimene zinachitika mu 2016, pamene Porsche inachotsa injini ya masilinda 6 mu Cayman n'kuikamo ya masilinda 4 ya turbo. Galimoto yatsopanoyo inali yothamanga kuposa yakale, wotchi inkachitira umboni. Koma oyesa ambiri anadandaula za kulira kwake ndi mmene inkayankhira phazi, mpaka masilinda 6 anabwereranso mu GT4 mu 2019 ndi mu GTS 4.0 mu 2020. Dandaulo limene linalibe nambala linamveka mpaka ku Stuttgart, kulikulu la Porsche.

Cayman nayo ili ndi pake pamene amaidzudzula, ndipo ndi zoona. Magiya ake osintha ndi dzanja ndi aatali kwambiri, moti giya yachiwiri yokha imapitirira 130 km/h. Malire a liwiro pamisewu ikuluikulu ya ku South Africa ndi 120. Ndiye kuti injini yokoma ija, imene imafuna kuikweza mpaka kumapeto kuti iimbe, mudzaimva mokwanira m'giya yoyamba basi, mukapitirira apo mwalakwira lamulo. M2 mphamvu zake zimabwera msanga, injini isanakwere n'komwe, ndipo popitirira thiraki pamsewu wa magalimoto awiri zimenezi n'zimene zimathandiza.

Chomaliza choti muziyang'ana ndi galimoto imene woyesayo wapatsidwa. Makampani amabwereketsa atolankhani magalimoto odzaza ndi zowonjezera zolipira padera: denga la carbon, mipando yopepuka, mabuleki a ceramic, amene pa Porsche mumawazindikira ndi mtundu wachikasu kuseri kwa limu. Imene mudzaipeze inu pamalo ogulitsira mwina idzakhala ilibe zimenezi. Woyesa wabwino amalemba mtengo wa galimoto wamba ndi mtengo wa imene wayendetsayo, amatchula matayala, amaiika pasikelo yekha m'malo mokopera nambala ya kampani, ndipo amanena kumene wayesera. Amene amachita zimenezi ndimamukhulupirira ngakhale asankhe galimoto imene ine sindikanasankha.

Mwina mukufuna kudziwa mbali yanga. Mtima wanga uli pa Cayman, chifukwa kupepuka ndi injini ya pakati ndi zinthu zimene simungazigule pambuyo pake ngati zowonjezera. Koma mukanakhala mchimwene wanga wa bere limodzi, wokhala ku Johannesburg, wofuna galimoto imodzi yopitira kuntchito, yotengera ana kusukulu, yomwenso Loweruka n'kukaionetsa liwiro pamabwalo a mpikisano a Kyalami kapena Zwartkops, ndikanakulozerani M2 mosazengereza. Supra musaiiwale: ndi yotsika mtengo pa zitatuzi, ili ndi turbo imodzi yomwe imaithandiza kumtunda kwanuko, ndipo mu 2022 inayamba kupezeka ndi magiya osintha ndi dzanja. Kungoti mkati mwake ndi mothina ndipo mawindo ndi aang'ono, ndiye ngati ndinu wamtali mukakhalemo kaye musanaikonde pachithunzi.

Mukapeza mwayi woziyesa, musapite pa haiwe. Sankhani msewu wokhotakhota wa phula lotopa, muzimitse wailesi, mudutsepo ndi galimoto iliyonse pa liwiro lofanana, tsiku lomwelo. Mukatero mudzandilembere kuti manja anu anamva chiyani pa chiwongolero.