Ndisiye ntchito ku studio kuti ndijambule filimu yanga?

Pa ma email a sabata ino pali ina yandikhudza. Achimwene ena akuti amagwira ntchito ku studio ina ku Blantyre, kujambula maukwati ndi ma advert, koma ali ndi script yawo yomwe yangokhala mu laputopu, nde akufunsa kuti asiye ntchito kapena ayi.

Achimwene, funso limeneli ine ndimagona nalo. Kuno ku Zomba Loweruka limandipeza pa ukwati kapena chinkhoswe, kamera paphewa, kuthamanga ndi pelekanipelekani, mkati mwa sabata nde ma documentary a mabungwe, timafika mpaka ku Kachulu kunyanja ya Chilwa kukajambula asodzi, pobwerako bwana wa bungwe akuti chotsani mayi akudandaulawo muyike amene akumwetulira, komanso logo yathu ikule. Umachotsa ndithu poti alandilodi ku Matawale sadikira. Kutopa sikundiopsa kwenikweni. Chimandiopsa nchoti diso limazolowera kusangalatsa kasitomala, tsiku lojambula yako umapezeka chilichonse ukufuna chiwale ngati keke ya ukwati, olo nkhaniyo ili ya pamaliro.

Komabe zosiya ntchito ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa. Filimuyo muigulitsa kuti? Mukangoitulutsa mawa lake ili pa memory card, anyamata oika nyimbo mumafoni pamsika akukopera aliyense, ku vidiyo sho ikuonetsedwa, inu osaonapo olo tambala. A Shemu Joyah amene anapanga The Road to Sunrise mu 2017 ndi munthu woyeza malo, surveyor, mafilimu anawayamba ali ndi ntchito yawo kale. Ngakhale ku America komwe kuli ndalamako, Steven Soderbergh anapangira Warner Bros. filimu ya Ocean's Eleven mu 2001, munthu yemweyo mu 2018 nkutulutsa Unsane yojambula pa iPhone. Nde ife ndife ndani kuti tizinyoza ntchito yotidyetsa?

Ndipo poti tayamba, zina zimandinyasa. Munthu ndalama yonse wathera pa drone, wakwera nayo ku Chawe, damu la Mulunguzi laoneka bwino zedi, koma anthu akamayankhula ukungomva mphepo ndi njinga za kabaza. Gulani maiki kaye! Chinanso, ana a drama a ku Chanco ndi aluso inde, koma kuwatenga tsiku lonse nkuwapatsa fanta ndi banzi ati mutchuka, kumeneko nkuba basi. Producer ntchito yake ndi imeneyo, kuona kuti anthu adya, thiransipoti ilipo, amene walonjezedwa ndalama walandira. Zimenezi munthu amaziphunzira ku studio komwe mukufuna kuthawako.

Nde mupange bwanji?

Script iduleni ikhale ya mphindi 15, malo awiri, osewera ochepa. Pa ukwati uliwonse muzipatula kangachepe, musakasunge mufoni momwe mumagulira bandulo. Jambulani nthawi ya dzinja maukwati akachepa, bola musasankhe nyumba yamalata yopanda siling'i, mvula ikuonongerani sound. Ndipo ngati kamera ndi ya abwana anu, mulemberane papepala kuti mwabwereka masiku angati, mulipira zingati, komanso kuti filimuyo mwini wake ndinu. Akakana kusayina, kabwerekeni kwina.