Matenda a mudzi ndi timibulu ta homeopathy: yankho kwa achimwene a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena oyendetsa thiraki ku Johannesburg. Akuti mudzi wawavuta kwa miyezi inayi, pena magazi amatuluka akapita kuchimbudzi, ndipo mnzawo wawauza kuti agule timibulu ta homeopathy totchedwa Aesculus 30C, topangidwa kuchokera ku mtengo wotchedwa Aesculus. Akufunsa ngati timibuluti tingawathandize.

Achimwene, ndalama yanuyo sungani. Ndikuuzani chifukwa chake.

Homeopathy inayambitsidwa ndi dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, mu 1796. Iye ankakhulupirira kuti chimene chimadwalitsa munthu wabwinobwino chingachize wodwala chikasungunulidwa kwambiri. Ndiye tanthauzo la 30C ija ndi ili: amatenga dontho limodzi la mankhwala n'kulithira m'madontho 99 a madzi kapena mowa, n'kukhutchumula. Kenako amatapamo dontho limodzi n'kulithiranso m'madontho ena 99, mpaka maulendo 30. Akangodutsa ulendo wa 12, za mtengo uja zimakhala zitatheratu. Madziwo amawadonthezera pa timibulu ta shuga, ndiye chimene mumameza ndi shuga basi. Musasokoneze ndi zitsamba za agogo, zimene mwina zimawawa pakamwa chifukwa mtengo wake ulimodi. Mu 2015 bungwe lofufuza zaumoyo la boma la Australia lotchedwa NHMRC litaunika kafukufuku wambiri linapeza kuti palibe matenda alionse amene pali umboni wodalirika woti homeopathy imachiza, ndipo mu 2017 a NHS, bungwe la boma loyang'anira zipatala ku England, analangiza madokotala awo kuti asiye kulembera odwala mankhwala amenewa.

Mnzanuyo sakunama akamati anachira. Mudzi umatupa n'kuphwa wokha pakapita masiku, ndipo chimene munthu wamwa sabata imeneyo ndicho chimatamandidwa.

Mudzi ndi mitsempha ya magazi ya kumalo otulukira chimbudzi imene yatupa. Kudzimbidwa, kudzikakamiza pochita chimbudzi ndi kukhala pansi tsiku lonse, monga ntchito yanuyo, ndi zimene zimaukulitsa. Chimbudzi chikafewa, vuto limachepa. Idyani nsima ya mgaiwa, nyemba, masamba, mapapaya ndi mbatata, ndipo botolo la madzi lisachoke m'galimoto. Chimbudzi chikakupezani musachisunge mpaka kumapeto kwa ulendo, komanso musakhalitse m'chimbudzi mukuseweretsa foni. Ululu ukakula, khalani m'beseni la madzi ofunda n'kumwa Panado. Mankhwala okhala ndi codeine apeweni, amadzimbitsa.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi magaziwo. Miyezi inayi ndi yambiri. Magazi otere angachokerenso ku chilonda, ku likodzo la m'matumbo ngati munakulira kunyanja, kapena ku khansa ya m'matumbo, ndipo popanda kupima palibe angasiyanitse. Ndikudziwa kuti kuvulira dokotala malo amenewo kumachititsa manyazi, koma iwo amaona zimenezi tsiku ndi tsiku. Ukakhaladi mudzi wosamva mankhwala opaka, amatha kuumanga ndi kalabala mpaka ufote n'kugwa, osagona n'komwe m'chipatala.

Pitani kuchipatala sabata ino, ndipo mukawauze madokotala ngati chimbudzi chikumada bii, ngati mukuwonda, kapena ngati mukumachita chizungulire.