Musathamangire Kugula Ma Humbucker

Mmodzi mwa awerengi, amene amaimba gitala ya lidi m'gulu la kutchalitchi kwawo, wandilembera imelo kudandaula kuti gitala yake, yopangidwa motengera Stratocaster, imang'ung'uza akangoilumikiza ku amplifaya. Iye akufuna mawu owala ngati a gitala za rumba ya ku Congo kapena sungura ya ku Zimbabwe, ndipo mnzake wamulangiza kuti achotse ma pickup (tizipangizo totola kunjenjemera kwa nsambo) onse atatu n'kuikamo ma humbucker.

Achimwene, malangizo amenewo athetsadi phokoso, koma akulandani mawu amene mukuwafunawo. Pickup ya single coil, monga imene Fender inaika pa Stratocaster mu 1954, ndi maginito ozengedwa ndi waya wakopa woonda ngati tsitsi, ndipo imatola kunjenjemera kwa nsambo pamodzi ndi phokoso la magetsi a m'nyumba, amene kwathu kuno amayenda pa 50 Hz. Humbucker, imene Seth Lover anapangira kampani ya Gibson ndipo inayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ili ndi mizengo iwiri yotsutsana imene imafafaniza phokosolo, koma mawu ake amatuluka onenepa ndi olemera. Mawu otere amakoma mu rock, pamene mu rumba, mmene zala zimathamanga kumunsi kwa khosi la gitala, noti iliyonse imafunika kumveka payokha.

Yambani ndi switchi yosankhira ma pickup imene muli nayo kale. Ikankhireni pa malo achiwiri kapena achinayi, pamene ma pickup awiri amagwira ntchito limodzi. Pa gitala zambiri za masiku ano pickup yapakati inazengedwa mobwerera ndipo maginito ake anatembenuzidwa, kotero kuti phokoso limazimiririka pomwepo, mawu n'kutsala oyera ndi opepuka. Ine ndimakhalitsa pa malo achiwiri, a pickup ya ku bridge (pamene nsambo zimagwirira pa thupi la gitala) ndi yapakati, chifukwa ndi pamene gitala imadutsa bwino pakati pa kiyibodi ndi ng'oma.

Kenako tengani sikuludalaivala. Dinikizani nsambo pa fret (kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala) yomaliza ndipo muone mpata wa pakati pa nsambo ndi maginito, umene uyenera kukhala pafupifupi mamilimita awiri, n'kuonjezerako pang'ono kumbali ya nsambo zazikulu. Mpatawu mumausintha popotokola masikuluwu awiri a m'mbali mwa pickup. Pickup ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo, noti imafa msanga ndipo imamveka ngati gitala sinachunidwe. Ndinaonapo mnyamata wina atatsala pang'ono kugulitsa gitala yabwinobwino chifukwa cha masikuluwu awiri okha.

Mukatsegula pulasitiki ya pamwamba, werengani nambala zolembedwa kumsana kwa ma pot, tizipangizo tokhala pansi pa mabatani a volume ndi tone. Single coil imayendera bwino pot ya 250k ndi capacitor (kachipangizo kochepetsa kuwala kwa mawu mukapotokola tone) ya 0.047, pamene humbucker nthawi zambiri imapatsidwa 500k ndi 0.022 kuti mawu ake asagonthe. Mukapeza 500k pa single coil, musadabwe ngati mawu akulasa m'makutu. Mutatsegula choncho, matani tepi yakopa m'kati mwa dzenje lonse, muilumikize ku waya wa ground, ndiponso muyesere chingwe china chopita ku amplifaya, pakuti chingwe chotchipa chimabweretsa phokoso lambiri.

Ngati zonsezi zalephera, gulani ma single coil a mtundu wa noiseless (opanda phokoso) okhala ndi maginito a alnico, amene amalowa m'mabowo omwewo popanda kusema thupi la gitala.