Kodi Malemba a Amormoni ndi Mbiri Yeniyeni? Yankho kwa Wowerenga

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo yonena kuti amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza, umene anthu ake amatchedwa Amormoni, anamupatsa Buku la Mormoni, namuuza kuti ndi mbiri yoona ya anthu akale a ku America, pomwe mchimwene wake akuti zonsezo ndi zopeka. Akufunsa ngati pali njira yodziwira zoona popanda kungotsatira mbali imodzi.

Mayi, njira ilipo, koma sigwira ntchito mofanana pa mabuku onse a mpingowu. Buku la Mormoni linasindikizidwa ku Palmyra, New York, m'chaka cha 1830, ndipo Joseph Smith, amene anayambitsa mpingowu, ananena kuti analimasulira kuchokera pa mapale agolide amene mngelo Moroni anamuonetsa. Limasimba za banja la Lehi limene linachoka ku Yerusalemu cha m'ma 600 Yesu asanabadwe n'kuwolokera ku America. Vuto ndi lakuti mapalewo kulibe, popeza Smith anati anawabweza kwa mngeloyo, motero palibe katswiri amene angayerekeze kumasulirako ndi zolemba zoyambirira. Otsutsa amati bukuli limatchula akavalo, magaleta ndi tirigu, zimene ofukula zinthu zakale sanazipeze ku America wa nthawi imeneyo, ndiponso kuti kafukufuku wa DNA akusonyeza kuti makolo a Amwenye a ku America anachokera ku Asia. Oikira kumbuyo amatchula mboni 11 zimene zinati zinaona mapalewo, kuphatikizapo David Whitmer amene anachoka mumpingo koma sanasinthe umboni wake mpaka imfa, komanso maguwa opezeka ku Yemen olembedwa zilembo NHM, zimene amazigwirizanitsa ndi malo otchedwa Nahom m'bukulo. Kwa ine umboni wotsutsa ndi wolemera kwambiri, koma mkangano umenewu sutha chifukwa chinthu chimene chikanauthetsa palibe.

N'chifukwa chake ndikufuna muyang'ane buku lina laling'ono limene mwina amishonale sanakuuzeni, Buku la Abrahamu, limene lili m'gulu la malemba opatulika a mpingowu kuyambira 1880. M'chaka cha 1835, munthu wina dzina lake Michael Chandler anafika ku Kirtland, Ohio, ndi mitembo inayi youmika ya ku Iguputo pamodzi ndi mipukutu ya gumbwa, ndipo anthu a mpingowu anagula zonsezo ndi madola 2,400. Smith analengeza kuti umodzi mwa mipukutuyo unali zolemba za Abrahamu, zolembedwa ndi dzanja la Abrahamu mwiniwake, ndipo mu 1842 anasindikiza zimene anamasulira pamodzi ndi zithunzi zitatu zokopedwa ku gumbwayo. Nthawi imeneyo kunalibe amene akanamutsutsa ku America, pakuti katswiri wa ku France dzina lake Champollion anali atangotulukira kawerengedwe ka zilembo za Aiguputo mu 1822, ndipo nzeruyo inali isanafalikire.

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti gumbwa yense anapsa pa moto wa ku Chicago wa 1871, koma zidutswa zina zinapezeka ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo zinaperekedwa kwa mpingowu mu 1967. Akatswiri atawerenga, Amormoni ndi osakhala Amormoni omwe, anapeza kuti ndi zolemba za maliro zimene Aiguputo ankaika pamodzi ndi mtembo. Chidutswa chokhala ndi chithunzi choyamba chinalembedwera wansembe wina dzina lake Hor, zaka zoposa 1,500 Abrahamu atamwalira, ndipo dzina la Abrahamu mulibemo.

Zithunzizo ndizo zimandikhutiritsa koposa. Pa choyamba, Smith anati akuoneka Abrahamu atagonekedwa pa guwa kuti aperekedwe nsembe, pomwe akatswiri amaona womwalira ali pa kama wa maliro, mulungu Anubis ataima pambali pake, ndipo pansi pali mitsuko inayi yosungira ziwalo za m'mimba, imene Smith anaitcha mafano a milungu yachilendo. Pa chachitatu, munthu amene Smith anamutcha Mfumu Farao ndi mulungu wamkazi Isis, ndipo amene anamutcha kapolo Olimlah ndi Anubis yemweyo. Smith mwiniwake analemba kuti mayina ena akuoneka m'zilembo za pachithunzipo, ndipo zilembozo lero zimawerengeka, koma sizinena zimene iye ananena.

Mpingowu subisa zimenezi, ndipo apa ndiyenera kuuyamikira. Mu 2014 unatulutsa nkhani yovomereza kuti zilembo za pa zidutswazo sizigwirizana ndi zimene zili m'Buku la Abrahamu. Mayankho amene amaperekedwa ndi awiri. Ena amati mbali imene Smith anamasulira inali pa mpukutu umene unatayika, ndipo n'zoona kuti gumbwa wina anatayikadi, koma yankho limeneli silifotokoza za zithunzi zimene tili nazo ndi zimene Smith anazimasulira molakwika. Ena amati gumbwayo anangotsegula maganizo ake kuti alandire vumbulutso lochokera kwa Mulungu. Yankho lachiwirili palibe angalitsutse ndi umboni, koma limachotsa nkhaniyo m'manja mwa odziwa mbiri n'kuiika m'manja mwa chikhulupiriro, ndipo si zimene Smith anauza anthu amene anasonkha ndalama zija.

Kwa ife Aafirika Buku la Abrahamu lili ndi mbali inanso yofunika kuidziwa, chifukwa chaputala chake choyamba chimati Farao anali wa mzera wa Hamu umene sunkaloledwa unsembe, ndipo mavesi amenewo anagwiritsidwa ntchito poikira kumbuyo lamulo loletsa amuna akuda kukhala ansembe, limene linathetsedwa mu June 1978. Mu 2013 mpingowu unakana poyera ziphunzitso zakuti khungu lakuda ndi temberero, ngakhale mavesiwo akadali m'buku.

Amishonale akadzabweranso mwina adzakupemphani kuti muwerenge Moroni 10:4 m'Buku la Mormoni ndi kupemphera kuti mudziwe ngati bukulo ndi loona. Zimenezo zili kwa inu, Mayi, koma poti munafunsa za mbiri, apempheni kuti atsegule nkhani ya 2014 ija pa webusaiti ya mpingo wawo ndipo muiwerengere limodzi, zithunzi zitatuzo zili patsogolo panu.